KUJAMBULA MITENGO NDI KAMERA YAIKULU

Munthu wocoka ku Harare pa mseu waukulu wopita ku mlato wa Chirundu amayenda makilomita ngati 200 asanafike ku Karoi. Kum'mwera kwa Karoi, m'boma la Hurungwe, kuli dziko la mapulazi a fodya lochedwa Tengwe. Maina amenewa si acilendo kwa omvera ambiri a ku Malawi ndi a kum'mawa kwa Zambia, pakuti makolo ao anagwira nchito m'mapulazi a cigawo cimeneci ca Mashonaland, ena atayenda pansi, ena atakwera magalimoto a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Ambiri sanabwerere kwao, nasanduka macona. Ndipo zidzukulu zao zikali komweko kufikira lero.

Akulu akulu akukumbukira wojambula zithunzi wa masiku aja, amene ankaimika bokosi lace pa miyendo itatu, nabisa mutu wace m'nsalu yakuda, nauza anthu kuti asagwedezeke. Kamera ya mtundu umenewo siinafe ai. Alipo anthu m'maiko ambiri amene akuigwiritsabe nchito, ndipo nchito imodzi imene imapambana nayo makamera ena ndiyo ya kujambula mitengo. Nkhani ya lero ilongosola m'mene nchitoyi imacitikira, ndiponso cifukwa cace dziko monga la Tengwe liri kuisowa.

MITENGO YA KU TENGWE

Nkhalango ya kumeneko ndi ya miombo, yofanana ndi imene iri m'madera ambiri a Malawi ndi Zambia. Mitengo yace yaikulu ndiyo imene Ashona amati musasa, munhondo ndi mupfuti. Mupfuti ndiwo mombo wa ku Malawi. Pakati pa iyo pamapezeka masuku, amene kumeneko amati mazhanje, ndi muula ndi mlombwa. Milambe imakonda kunsi kotentha, ku cigwa ca Zambezi. Kumapeto kwa August ndi m'mwezi wa September, mvula isanagwe, musasa umaphuka masamba atsopano ofiira ngati magazi, ena ofiirira ngati uci, ndipo patapita masabata owerengeka onse amasanduka obiriwira.

Koma fodya wa ku Tengwe ndi wocizira m'balani, ndipo balani limadya nkhuni usana ndi usiku kwa masiku ngati asanu ndi awiri fodya asanaume. Kale mapulazi ena akulu ankagula malasha a ku Hwange kapena kubzala bulugama wao wao. Kuyambira caka ca 2000, pamene minda ya Azungu inagawidwa, alimi ang'ono ang'ono a fodya anaculuka kwambiri m'boma la Hurungwe. Mlimi wotere alibe ndalama za malasha, ndipo ana ace ayenera kudya ndi kupita ku sukulu. Cotero amatenga nkhwangwa nalowa m'miombo, pakuti nkhuni zace zimayaka nthawi yaitali ndi moto waukali. Boma la Zimbabwe linaika msonkho pa fodya m'caka ca 2015 kuti ndalama zace zithandize kubzala mitengo, ndipo Loweruka loyamba la December caka ciri conse ndi tsiku lobzala mitengo m'dziko lonselo. Komatu bulugama amakula m'zaka zowerengeka, pamene musasa waukulu umafuna moyo wonse wa munthu, kapena kuposerapo. Mtengo wotere ukagwa, ana obadwa m'mbuyo amangoona citsa, ndipo sakhulupirira akauzidwa kuti pamenepo pankapumula ng'ombe makumi awiri pa mthunzi umodzi.

ZITHUNZI ZIMENE ZINACITA UMBONI

Kujambula mitengo kunayamba kale m'maiko ano. Pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi, wa zaka za 1858 kufikira 1864, panali dotolo John Kirk, amenenso anali katswiri wa zomera. Iye anatenga kamera ya bokosi, najambula mitengo ndi zomera za m'mbali mwa mtsinjewo pa mapepala opaka phula ndi mankhwala. Zithunzi zace ziri m'gulu la zoyamba kujambulidwa m'kati mwa cigawo cino ca Africa. Dzina lace likumbukika m'dzina la masuku la akatswiri, Uapaca kirkiana.

Ku America, m'caka ca 1861, Carleton Watkins anasenzetsa nyulu magalasi ojambulira a mainchesi 18 m'lifupi ndi 22 m'litali, napita nao ku Yosemite. Kumeneko anajambula mapiri ndi mitengo yaitali koposa, umodzi wa iyo wochedwa Grizzly Giant. Zithunzizo zinafika m'manja mwa opanga malamulo amene sanaoneko malowo ndi maso, ndipo zinathandiza kuti m'caka ca 1864 Abraham Lincoln asaine lamulo losunga cigwaco ndi mitengo yace.

Ku Zambia, kwa Chitambo, mtima wa Livingstone unakwiriridwa m'caka ca 1873 pansi pa mtengo wa mupundu, ndiwo muula, ndipo Jacob Wainwright anazokota mau pa tsinde lace. M'caka ca 1899 Robert Codrington anapeza mtengowo uli kufumbwa, naugwetsa, natumiza cigawo ca mau aja ku London. Maonekedwe a mtengo wonse uli ciriri adziwika lero ndi zithunzi zimene zinajambulidwa usanagwetsedwe.

Katswiri wina wa zomera wa ku America, Homer Shantz, anayenda m'maiko a kum'mwera ndi a kum'mawa kwa Africa m'zaka za 1919 ndi 1920, akujambula nkhalango ndi madambo, ndi kulemba bwino malo amene anaimapo. M'zaka za 1956 ndi 1957, ali nkhalamba ya zaka 80, anabweranso ndi mnzace B. L. Turner, nafunafuna malo omwe aja, najambulanso. Poika zithunzi ziwiri ziwiri pamodzi, munthu ali yense anatha kuona pamene nkhalango inatha ndi pamene chire linakula.

Ngakhale milambe imene anthu ankayesa yosafa ikugwa. Mlambe wa Chapman ku Botswana unagwa pa 7 January 2016. Mlambe wa Panke m'Zimbabwe, umene akatswiri anayesa kuti unali ndi zaka zoposa 2,400, unagwa m'zaka za 2010 ndi 2011.

KAMERA YAIKULU IRI MOTANI

Kamera imeneyi njosabvuta kuimvetsa, pakuti zigawo zace zonse ziri poyera. Kutsogolo kuli thabwa lokhala ndi diso la galasi, limene amati lenzi. Kumbuyo kuli thabwa lina lokhala ndi galasi lopalidwa, looneka ngati lacifunga. Pakati pa matabwa awiriwa pali thumba lacikopa kapena lansalu lopindikapindika, lofanana ndi mvukuto wa wosula makasu, losalola kuunika kulowa. Matabwawo amayenda pa kanjanji, kuyandikizana kapena kutalikirana. Zonsezi zimakhala pa miyendo itatu, pakuti miyendo itatu, monga mafuwa, siigwedezeka ngakhale pansi pali posalingana.

Kuunika kocokera ku mtengo kumalowa pa diso, kudzera mu mvukuto, ndi kugwera pa galasi la kumbuyo. Pamenepo mtengo umaoneka cadodolido, mizu kumwamba, nsonga pansi. Cithunzico ncosawala kwambiri, ndiye cifukwa cace wojambula amapfunda nsalu yakuda kuti acione bwino.

Filimu yace siiri yokulunga ai, koma ya mapepala, pepala limodzi cithunzi cimodzi. Miyeso yodziwika ndiyo mainchesi 4 kwa 5, mainchesi 5 kwa 7, ndi mainchesi 8 kwa 10. Pepala la 4 kwa 5 limaposa kacidutswa ka filimu ya makamera ang'ono a mamilimita 35 koposa kakhumi, ndipo la 8 kwa 10 limaposa pepala la 4 kwa 5 kanai. Mapepalawo amaikidwa m'kabokosi kopyapyala, limodzi mbali ino, lina mbali inayo, ndipo mbali iri yonse iri ndi citseko cokoka. Kuika filimu m'kabokosiko kumacitika mu mdima weni weni, kapena m'thumba lakuda lopisamo manja. Popeza maso sathandiza pamenepo, opanga filimu amasema timano pa ngondya imodzi ya pepala. Timanoto tikakhala pamwamba ku dzanja lamanja, pepala litaimirira, ndiye kuti mbali ya mankhwala yapenya kwa munthuyo. Makampani monga Ilford ku England, Kodak ku America ndi Foma ku Czech Republic akupangabe filimu yotere.

CIFUKWA CACE IYENERA MITENGO

Cifukwa coyamba ndico kukula kwa filimu. Mtengo uli ndi zinthu zing'onozing'ono zosawerengeka: ming'alu ya khungwa, ndere, timasamba ta musasa tondandalikana pa kaphesi, zipsera za pamene anthu anasenda luzi kapena kusema mankhwala. Pa filimu yaikulu zonsezi zimakhala ndi malo ao, ndipo munthu wopenya ndi galasi lokuzira angathe kuzindikira mtundu wa mtengo ngakhale patapita zaka zambiri.

Cifukwa caciwiri ndico cakuti matabwa a kamerayi amasuntha pa okha pa okha. Munthu wojambula mtengo wautali ndi kamera wamba kapena ndi foni amaiweramitsa capambuyo kuti nsonga ilowe. Akatero, tsinde limaoneka lonenepa pansi ndi loonda msanga pamwamba, mitengo ya m'mbali imapendekera pakati, ndipo mtengo wonse umakhala ngati uli kugwa cagada. Cithunzi cotere cimanama za msinkhu wa mtengo. Mwini kamera yaikulu saiweramitsa. Amaimika thabwa la kumbuyo ciriri monga mtengo womwewo, nakweza thabwa la kutsogolo lokha. Diso la kamerayi limaponya cithunzi cozungulira cacikulu koposa filimu. Tsono pokweza disolo, nsonga ya mtengo imalowa m'filimu, dothi la patsogolo limaturuka, ndipo tsinde limakhala loongoka monga liri.

Thabwa la kutsogolo lingathenso kupendekeka. Likaweramira pang'ono kutsogolo, zinthu zoyala pansi, kuyambira pa udzu wa pafupi kufikira ku phiri la kutali, zimaoneka bwino zonse pamodzi. Lamulo la zimenezi limachulidwa ndi dzina la Theodor Scheimpflug, msilikari wa ku Austria amene analilongosola m'caka ca 1904. Kupendeka kumeneku kumathandiza pojambula munda wa zitsa kapena dambo. Koma pa mtengo umodzi wautali wa pafupi kumaononga, pakuti mizu ikaoneka bwino nsonga imacita cimbuuzi. Pamenepo wojambula wanzeru amasiya thabwa ciriri nacepetsa ciboo ca diso.

Ciboo cimeneci ciri ndi manambala: f/16, f/22, f/32, f/45, f/64. Nambala ikakula ciboo cimacepa, ndipo zinthu za pafupi ndi za kutali zimaoneka bwino pamodzi. Koma kucoka pa nambala imodzi kupita pa yotsatira kumadula kuunika pakati, motero cikope ca kamera ciyenera kukhala cotseguka nthawi yowirikiza kawiri. Pansi pa mthunzi wa miombo, pa f/32, nthawiyo ingafike theka la sekondi kapena sekondi yathunthu.

TSIKU LA NCHITO

Wojambula wozolowera safika ndi kamera tsiku loyamba. Amayamba wauzungulira mtengo, kuona mbali imene nthambi zace zimaoneka zonse, ndi kumene dzuwa limaturukira. Amafunanso malo amene mtengowo umapatukana ndi inzace, pakuti m'nkhalango yothithikana nthambi za mitengo khumi zimasanganikirana m'cithunzi ngati ukonde. Kawiri kawiri malo abwino ali m'mphepete mwa munda, pa culu, kapena pa thanthwe, pamene kumbuyo kwa mtengo kuli thambo.

Tsiku lojambula amalawira mbanda kuca. Amazika miyendo itatu ija, nalinganiza kamera ndi kadontho ka mpweya ka m'galasi, konga ka amisiri omanga nyumba. Amasankha diso: pa filimu ya 4 kwa 5, la mamilimita 150 limaona monga maso a munthu, ndipo la mamilimita 90 limaona potambalala, lothandiza pamene palibe malo obwerera m'mbuyo. Atatsegula cikope ndi ciboo, amapfunda nsalu, nasuntha matabwa kufikira khungwa litaoneka bwino, napenya ngondya zonse zinai ndi galasi lokuzira. Atatha apo amayesa kuunika ndi kacipangizo kace, natseka cikope, naika ciboo pa nambala yace, nachera cikope monga achera msampha. Pamenepo amalowetsa kabokosi ka filimu patsogolo pa galasi la kumbuyo, nakoka citseko.

Kuyambira apo sangathenso kuona cithunzi pa galasi. Amaima pambali pa kamera, kacingwe kophethiritsa kali m'dzanja, maso ali pa masamba. Mdani wamkulu wa nchitoyi ndiye mphepo. Ndipo miyezi imene musasa uli wofiira ndiyonso miyezi ya mphepo ndi akabvumvulu. Tsamba logwedezeka kwa theka la sekondi limasanduka utsi m'cithunzi. Koma mphepo imapuma, ndipo wopenya nsonga za mitengo ya patali amaona kupuma kwace kusanafike. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masamba akaima, amaphethiritsa kamera, nabweza citseko atacitembenuza, mbali yakuda kunja, kuti cikhale cizindikiro cakuti pepala limenelo latha. Woiwala kutseka cikope asanakoke citseko amaononga pepala. Woiwala kutembenuza citseko amajambula mitengo iwiri pa pepala limodzi. Pa tsiku lonse munthu angabwerere ndi zithunzi zinai kapena zisanu ndi cimodzi zokha.

KUUNIKA NDI MAONEKEDWE

Dzuwa la masana nloipa pa nchitoyi, cifukwa limawalitsa nsonga kopitirira, ndi kusiya tsinde mu mdima. La m'mawa ndi la madzulo limabwera cam'mbali, ndipo limaonetsa mng'alu uli wonse wa khungwa. Tsiku la mitambo ndi labwino pojambula m'kati mwa nkhalango. M'miyezi ya September ndi October utsi wa moto wa m'chire umayeretsa thambo ndi kubisa mapiri. Mvula yoyamba ikagwa mlengalenga mumayera.

Ambiri amajambula mitengo ndi filimu ya zakuda ndi zoyera, popeza imakhalitsa ndipo munthu angathe kuitsuka yekha. Filimu yotere siidziwa kufiira kapena kubiriwira. Cotero masamba ofiira a musasa ndi obiriwira a mtengo wa pambali angaturuke ofanana. Pofuna kuwasiyanitsa, wojambula amaika kagalasi kosefa kuunika patsogolo pa diso. Lamulo lace nlapafupi: sefa imayeretsa zinthu za maonekedwe ace, ndi kudetsa za maonekedwe otsutsana nao. Sefa yofiira imayeretsa masamba atsopano a musasa ndi kudetsa thambo. Yobiriwira imayeretsa masamba okhwima. Yacikasu imadetsa thambo pang'ono kuti mitambo ioneke. Sefa iri yonse imadya kuunika, motero nthawi iyenera kuonjezedwa.

Pfumbi ndi kutentha ndi adani enanso. Kanyenyeswa kamodzi ka pfumbi kokhala pa filimu kamasiya banga pa thambo la cithunzi. Cotero timabokosi timasesedwa ndi kaburashi tisanaikidwe filimu, ndipo timasungidwa m'matumba otseka, pa mthunzi, kutali ndi galimoto yoima padzuwa.

KUTSUKA NDI KUSUNGA

Filimu imatsukidwa mu mdima, m'mbale zitatu: yoyamba ya mankhwala oonetsa cithunzi, yaciwiri yoletsa mankhwalawo, yacitatu yokhazikitsa cithunzi kuti cisaopenso kuunika. Mankhwala amafuna kutentha kwa madigiri 20. M'nyengo ya cirimwe wotsuka amagwira nchito usiku kapena kuziziritsa madzi. Pomariza filimu imatsukuluzidwa ndi madzi ambiri oyera, niyanikidwa posafika pfumbi. Pa filimuyo zakuda zimaoneka zoyera ndi zoyera zakuda. Ikagonekedwa pa pepala la zithunzi ndi kuunikiridwa, cithunzi ceni ceni cimaturuka ca msinkhu womwewo. Ndiponso masiku ano ambiri amailowetsa m'kompyuta. Filimu yotsukidwa bwino ndi kusungidwa pouma imakhala zaka zambirimbiri, ndipo poiwerenga safuna makina ena koma maso ndi kuunika.

Cithunzi copanda mau sicicita umboni wokwanira. Wojambula alembe tsiku, malo, dzina la mudzi kapena la pulazi, mbali imene kamera inapenya, diso limene anagwiritsa nchito, ndi mapazi ocokera pa kamera kufikira pa tsinde. Ayese kunenepa kwa tsinde ndi cingwe pa msinkhu wa cifuwa, mamita 1.3 kucokera pansi. Aimike munthu kapena ndodo yoyesedwa pafupi ndi tsinde kuti msinkhu udziwike. Alembe dzina la mtengo m'Cishona ndi m'Cinyanja monga eni dziko achulira, ndipo dzina la akatswiri angalipeze m'mabuku monga Trees of Southern Africa la Keith Coates Palgrave, loturuka m'caka ca 1977. Ndi zolemba zotere, munthu wina angathe kuima pa malo omwewo patapita zaka 30, monga anacitira Shantz.

ULEMU KWA ENI MALO

Mtengo uli wonse uli ndi mwini, ngakhale wa m'chire. Mlendo ayambe waonekera kwa mwini munda ndi kwa nyakwawa, imene Ashona amati sabhuku, nalongosole cimene wadzera. Pakuti m'dziko limene malire a minda akhala nkhani yowawa, munthu woimika miyendo itatu ndi kuyesa mapazi angayesedwe wodula malire. Safunsa anadya phula. Ndiponso mitengo yaikulu yotsala kawiri kawiri iri pa malo oopedwa: pa manda, pa mapiri a mizimu, pa mitengo ya nsembe za mvula. M'mapulazi mmene munakhala anthu a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique muli misitu ya manda a macona, ndipo ina ndiyo madambwe a gule wamkulu. Kumeneko kamera siilowa popanda mau a akulu, ndipo akakana, nkhani yatha.

Akalola, wojambula akumbukire kubweza cithunzi cimodzi kwa eni mtengo, ndi cina ku sukulu ya pafupi. Nkhalamba za pamudzi ndizo zimadziwa amene anakhala pansi pa mtengowo, milandu imene inaweruzidwa pamenepo, ndi caka cimene mphezi inathyola nthambi yace. Mau ao alembedwe kuseri kwa cithunzi.

Kamera yaikulu njodula, ndipo filimu yace iyenera kuitanitsidwa kunja. Si onse angaipeze. Koma mwambo wace ali yense angautsate, ngakhale wa foni: kuima patali pokwanira kuti kamera isaweramitsidwe, kudikira dzuwa la m'mawa ndi kupuma kwa mphepo, kuimika munthu pa tsinde, kulemba tsiku ndi malo, ndi kusindikiza cithunzico pa pepala. Mphunzitsi wa ku Tengwe, wa ku Kasungu kapena wa ku Katete amene angajambule motere mitengo isanu yaikulu ya pafupi ndi sukulu yace, caka ndi caka pa mwezi womwewo, adzasiyira ana a sukuluyo kaundula amene boma lomwe liribe. Ndipo pamene mudzi udzakhala pansi kukambirana ngati mtengo wakuti upite ku balani kapena utsale, zithunzizo zidzakhala pa mphasa pakati pao.